Kung'anima koti wotchi singakuwerenge: nanga asayansi akuyezera chiyani?

Mu Sepitembala 2023, asayansi a ku SLAC, malo a kafukufuku omwe ali ku California m'dziko la America, adalengeza kuti makina awo atsopano otchedwa LCLS-II atulutsa kuwala kwa X-ray koyamba. Patangodutsa masabata awiri, pa 3 Okutobala, mphoto ya Nobel ya fizikisi idapita kwa Pierre Agostini, Ferenc Krausz ndi Anne L'Huillier kaamba ka ntchito yawo yopanga kuwala kong'anima kanthawi kochepetsetsa. Kuyambira apo mpikisano wangokulirakulira. Mu 2024 makina a European XFEL a ku Germany nawo adaonetsa kuti angathe kung'anima kanthawi kosakwana femtosekondi imodzi, ndipo China ili kalikiliki kumanga makina ake otchedwa SHINE mumzinda wa Shanghai.

Nkhani zotere zikafika pa foni zathu zimabwera ndi manambala ozunguza mutu, ife n'kungogwedeza mutu kupitiriza ulendo wa pa Facebook. Koma ine ndikawerenga kuti kuwala kwang'anima maatosekondi 280, funso langa limakhala la mlimi wa soya amene wafika pa msika wa mavenda: sikelo yake ndi iti? Wayeza ndani, ndipo wayeza bwanji? Ndikuona kuti pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa palibe wotchi padziko lino imene ingawerenge kanthawi kotero.

Kanthawi kake n'kotani?

Tengani sekondi imodzi, muigawe m'zigawo zochuluka ngati nambala 1 yotsatiridwa ndi maziro 15. Kachigawo kamodzi ndiye femtosekondi. Kachigawo kameneko mukagawenso ka 1,000, mwapeza atosekondi. Maatosekondi amene ali mu sekondi imodzi ndi ochuluka kuposa masekondi onse amene adutsa chiyambire chilengedwe, zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo.

Tiyeze ndi kuwala, komwe kulibe mnzake pa liwiro. Pa sekondi imodzi kumayenda makilomita 300,000, kutanthauza kuzungulira dziko lapansi kasanu ndi kawiri n'kupitirirako. Koma pa mafemtosekondi 100 sikudutsa n'komwe kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu. Pa atosekondi imodzi kumangosuntha kamtunda kofanana ndi maatomu awiri kapena atatu.

Foni imene mwagwirayo ndi yachangu, inde. Ubongo wake umagunda maulendo pafupifupi 3 biliyoni pa sekondi. Komabe kugunda kumodzi kokha kumadya mafemtosekondi oposa 300,000. Kuyeza kung'anima kwa mafemtosekondi 10 ndi zipangizo zamagetsi kuli ngati kuyeza kulemera kwa kambewu kamodzi ka fodya pa sikelo yoyezera malole.

Akuvutikiranji ndi kanthawi kotere?

Aliyense amene adajambulapo mpira ukuuluka amadziwa kuti kamera ikachedwa kutseka diso lake, chithunzi chimatuluka chambuu. Chinthu chikamathamanga kwambiri, kamera nayo iyenera kuphethira mwachangu. Maatomu a m'thupi mwathu, m'mankhwala ndi m'mabatire amasuntha pa mafemtosekondi. Maelekitironi, tinthu timene timamanga ndi kumasula maatomuwo, amasuntha pa maatosekondi. Ahmed Zewail, mbadwa ya ku Egypt, adalandira Nobel ya kemisitile mu 1999 chifukwa chogwiritsa ntchito laser kuona maatomu akulumikizana ndi kulekana pa mafemtosekondi.

X-ray ikufunika chifukwa mafunde ake ndi aafupi ngati kukula kwa atomu, choncho imatha kuonetsa pamene atomu iliyonse yakhala. Koma iyi si X-ray ya kuchipatala ija. Makina a European XFEL, omwe adatsegulidwa mu 2017, ndi aatali makilomita 3.4, kuchokera ku Hamburg mpaka ku Schenefeld, ndipo mbali yaikulu ili pansi panthaka. Amathamangitsa maelekitironi mpaka kuyandikira liwiro la kuwala, n'kuwadutsitsa pakati pa mzere wautali wa maginito. Maginitowo amawayendetsa mokhotakhota ngati njoka, ndipo akamakhota amatulutsa X-ray. Makinawa amang'anima maulendo 27,000 pa sekondi. LCLS yoyamba, yomwe idayamba ntchito mu 2009, inkang'anima maulendo 120 okha. LCLS-II, yomwe idadya ndalama zoposa madola 1 biliyoni, adaikonza kuti idzafike maulendo 1 miliyoni.

Kuwalaku n'kwamphamvu moti chilichonse chimene kwakhudza chimaphulika. Nzeru yake ndi yoti chithunzi chijambulidwe chinthucho chisanaphulike. Kuwala kuyenera kulowa ndi kutuluka maatomu asanayambe kubalalika, ndipo nthawi imene ilipo ndi mafemtosekondi makumi ochepa chabe. Henry Chapman ndi anzake adaonetsa kuti izi n'zotheka mu 2006 pa makina a FLASH ku Hamburg.

Tsono taganizani: wasayansi akukhulupirira kuti kung'anima kwake n'kwa mafemtosekondi 10, pamene zoona zake n'kwa 50. Ndiye kuti chithunzi chimene akunyadira n'cha chinthu chimene chayamba kale kugumuka. Iye alemba lipoti, ena amanga kafukufuku wawo pa lipotilo, zaka n'kutayika.

Wina afunsa kuti, nanga ife zikutikhudza pati? Kumapeto kwa 2012 gulu la asayansi, ambiri a ku Germany, lidafalitsa maonekedwe a puloteni yotchedwa cathepsin B ya kachilombo ka Trypanosoma brucei. Aka ndi kachilombo koyambitsa kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi kashembe, omwe anthu a kufupi ndi Vwaza ku Rumphi ndi a ku Nkhotakota amawadziwa bwino. Adajambula ndi LCLS, ndipo kadali koyamba kuti makina a mtunduwu aulule maonekedwe a puloteni amene sankadziwika. Mu 2016 makina omwewo adaonetsa mmene poizoni wa bakiteriya wina amaphera mphutsi za udzudzu, kuphatikizapo udzudzu wa malungo. Sindikunena kuti mankhwala a kaodzera amene ali m'zipatala lero adachokera pamenepo, ayi. Fexinidazole, yemwe adayesedwa ku Rumphi komweko, adadzera njira ina. Koma wofuna kupanga kiyi amayamba waona loko, ndipo zithunzizi ndi za maloko a matenda athu.

Kuwala kudziyeza kokha

Nanga poti wotchi palibe, atani? Yankho lake ndi lakuti kuwalako kudziyeze kokha, kapena kuyezedwe ndi kuwala kunzake. Apa ndi pamene pamalowera nthambi ya fizikisi imene Azungu amati nonlinear optics.

Dzinalo lisakuopseni. Mukakweza pang'ono voliyumu ya sipika, nyimbo imangomveka mokweza koma ili yomweyo. Mukakweza mpaka kumapeto, monga amachitira anyamata a zoimbira pa ukwati, sipika imayamba kukhadzula mawu, n'kumatulutsa phokoso limene mu nyimbomo mulibe. Kuwala nakonso n'chimodzimodzi. Kukakhala kofooka, galasi kapena mpweya zimangokudutsitsa mmene kulili. Kukakhala kwamphamvu zedi, chinthucho chimayamba kutulutsa kuwala kwa mtundu wina.

Woyamba kuona izi adali Peter Franken ndi anzake ku yunivesite ya Michigan mu 1961, patangotha chaka chimodzi Theodore Maiman atapanga laser yoyamba. Adawomba kuwala kofiira pa mwala wa quartz, ndipo kunja kudatulukako pang'ono kuwala kwa ultraviolet, komwe mafunde ake ndi theka la mafunde a kofiirako. Kadontho ka umboniwo pa chithunzi kadali kakang'ono moti osindikiza magazini adakafufuta poganiza kuti ndi kachitsotso. Lero timatochi tambiri ta laser yobiriwira timagwira ntchito mwa njira yomweyo: mkati muli kuwala kosaoneka ndi maso, kamwala n'kumakusandutsa kobiriwira.

Chinsinsi chake chili pa masamu. Mukawirikiza kawiri kuwala kolowa, kuwala kwatsopanoko sikuwirikiza kawiri koma kanayi, chifukwa kumafuna tizigawo tiwiri ta kuwala tifike pamalo amodzi nthawi imodzi. Zili ngati minibasi imene yakana kulira. Kondakitala akakankha yekha n'kusiya, kenako wina n'kubwera kudzakankha yekhanso, galimoto sisuntha. Akakankha pamodzi ndiye imayenda. Mutu umodzi susenza denga.

Ndiye asayansi amatenga kung'anima kumodzi n'kukugawa pawiri. Theka lina amalidutsitsa njira yotalikirapo pang'ono kuti lichedwe, kenako onse awiri amakakumana pa kamwala kapena mu mpweya. Akafika nthawi imodzi, kuwala kwatsopano kumachuluka. Wina akachedwa pang'ono, kumachepa. Akachedwa mpaka kupeza mnzake atadutsa kale, kumatsikiratu. Poona kuti kuchedwa kwake kwafika pati kuti awiriwa asiye kukumana, amadziwa kutalika kwa kung'animako.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti kuchedwako sakuyeza ndi wotchi, akuyeza ndi mtunda. Kusuntha galasi lobweza kuwala ndi kamtunda ka mamita 0.00000015 kumachedwetsa kuwalako ndi femtosekondi imodzi. Kamtunda kotere makina amakono amatha kukayeza bwinobwino. Funso la nthawi alisandutsa funso la rula.

Njirayi idabala ana, ndipo maina awo ali ngati a m'nthano za agogo. Pali FROG, chule, ya Rick Trebino ndi Daniel Kane ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pali SPIDER, kangaude, ya Chris Iaconis ndi Ian Walmsley ya mu 1998. Palinso RABBIT, kalulu, imene gulu la Agostini lidagwiritsa ntchito mu 2001 poonetsa kung'anima kwa maatosekondi 250. Chaka chomwecho Krausz ku Vienna adayeza kung'anima kumodzi kwa maatosekondi 650. L'Huillier anali ataona kale mu 1987 kuti mpweya wa argon ukawombedwa ndi laser yamphamvu umatulutsa mitundu yambirimbiri ya kuwala, ndipo akatswiri ankaganiza kuti mmenemo muli maatosekondi. Koma padatenga zaka 14 kuti wina abwere ndi sikelo n'kunena kuti nayi nambala yake.

X-ray ndi nkhutukumve

Kusamutsa nzeru imeneyi kupita ku X-ray ndi ntchito ya thukuta, pa zifukwa zitatu.

Choyamba, X-ray imangodutsa m'zinthu. N'chifukwa chake imaonetsa mafupa. Galasi wamba siliibweza, ndipo kuigawa pawiri kumafuna magalasi apadera kapena timiyala ta silicon tosemedwa mosamala kwambiri.

Chachiwiri, zinthu sizichedwa kukhadzula mawu zikawombedwa ndi kuwala wamba, koma kwa X-ray zimauma khosi. Zimene Franken adaona mu 1961, kwa X-ray yamphamvu zidaoneka mu 2014, pamene Sharon Shwartz ndi anzake adawomba dayamondi ndi makina a SACLA a ku Japan. Zaka zoposa 50, ndipo kuwala kumene kudatuluka kudali kochepa zedi. Mu 2012 gulu la Ernest Glover lidali litakwanitsa kusakaniza X-ray ndi kuwala wamba mu dayamondi pa LCLS. Pa makina a FLASH ena adagwiritsa ntchito mpweya wa helium, kuwerenga maatomu amene amenyedwa ndi tizigawo tiwiri ta kuwala nthawi imodzi. Ndi minibasi ija, koma yokankhidwa mkati mwa atomu.

Chachitatu ndiye chachikulu. Ambiri mwa makinawa kung'anima kwawo kumayamba mwangozi. Zili ngati nyimbo ya masapota pa bwalo la mpira: palibe wotsogolera, wina amangoyambitsa pakona, ena n'kulandira, mpaka bwalo lonse likuimba. Imamveka mwamphamvu, koma siyamba mofanana kawiri. Choncho kung'anima kulikonse kumasiyana ndi kunzake pa kutalika ndi pa maonekedwe. Njira yogawa pawiri ija imafuna kubwereza kambirimbiri, ndiye imangokupatsani chithunzithunzi cha gulu lonse. Wogula amene wayeza matumba 100 pamodzi n'kugawa sadziwa kuti thumba lopepuka ndi liti. Pakufunika njira yoyeza kung'anima kulikonse pakokha.

Njira imene ikutchuka tsopano imasandutsa kuwala kukhala muvi wa wotchi. Amatenga laser wamba imene mphamvu yake imazungulira ngati muvi, koma kuzungulira kamodzi pa mafemtosekondi owerengeka. M'kati mwa kuwala kozungulirako amaikamo mpweya, monga wa neon. X-ray ikafika imathothola maelekitironi m'maatomu a mpweyawo, ndipo elekitironi iliyonse ikangotuluka imakankhidwira kumene muviwo waloza pa kanthawi kameneko. Yotuluka msanga imakankhidwira uku, yochedwa imakankhidwira uko. Kuzungulira malowo amaika zipangizo zogwira maelekitironi, ngati manambala a pa wotchi ya pakhoma. Poona mbali imene yalandira maelekitironi okankhidwa kwambiri, kompyuta imawerengera kuti X-ray idafika liti ndipo idakhala nthawi yotani.

Mu 2018 gulu lina lidaonetsa njirayi pa LCLS ndi zipangizo 16 zoikidwa mozungulira. Mu 2020 asayansi a ku SLAC adagwiritsa ntchito nzeru yomweyo potsimikiza kuti makina awo atulutsa kung'anima kwa maatosekondi pafupifupi 280. Nambala ija ndidayamba nayo idachokera kumeneko. Ndipo mu 2024 kung'anima kotere kudathandiza gulu lotsogozedwa ndi Linda Young kuona maelekitironi a m'madzi akusuntha maatomu ake asanagwedezeke n'komwe.

Sikelo nayo imafuna kuyezedwa

Apa ndiyenera kuchenjeza. Mu njira zonsezi palibe amene amaona kung'animako ndi maso. Chimene amaona ndi mapazi ake, ndipo kompyuta ndiyo imabwerera m'mbuyo kuti ipeze mwini mapaziwo. Masamu akakhala ndi chibowo, yankho limatuluka looneka bwino koma lili lolakwika.

Zidachitikapo. Mu 2010 gulu la Krausz ku Garching, pafupi ndi Munich, pogwiritsa ntchito laser ya mu labotale, lidalengeza kuti maelekitironi a m'zigawo ziwiri za atomu ya neon satuluka nthawi imodzi: ena amachedwa ndi maatosekondi 21. Akatswiri a masamu a fizikisi atawerengera, ankapeza nambala yocheperapo kwambiri. Mkangano udatenga zaka. Mu 2017 gulu la L'Huillier ku Lund, m'dziko la Sweden, lidayezanso ndi njira yotha kusiyanitsa bwino maelekitironi. Lidaonetsa kuti pali maelekitironi a gulu lina amene amatha kulowerera n'kusokoneza muyezo, ndipo atawapatula, zoyeza ndi zowerengera zidagwirizana. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, awiriwa adagawana Nobel imodzi.

Kwa ine nkhani ya neon ndi yofunika kuposa mbiri ya amene wang'animitsa kanthawi kochepa kuposa anzake. Munthu wotchuka adatulutsa nambala, anzake sadachite naye manyazi, adapita kukayezanso. Kuno kwathu bungwe la Malawi Bureau of Standards limayendera masikelo ndi mapampu a mafuta pa chifukwa chomwecho. Wogulitsa akhoza kukhala wachilungamo, koma sikelo yake ikufunikabe wina woitsimikiza.

Ndipo vutoli likukula. Makina akamang'anima maulendo 1 miliyoni pa sekondi, kulikonse kosiyana ndi kunzake, palibe munthu angakhale pansi kuwerengera kumodzikumodzi. Data yake ndi yochuluka moti siyingasungidwe yonse. Ntchitoyi akuipereka kwa mapulogalamu a AI kuti aziyeza ndi kusankha pompopompo zoti zisungidwe ndi zoti zitayidwe. Pulogalamu yotere imadziwa zokhazo zimene idaphunzitsidwa. Ikakumana ndi kung'anima kwachilendo ikhoza kukupatsani yankho lofanana ndi zimene idazolowera. Amene adzathe kugwira bodza la pulogalamuyo adzakhala anthu ofunika kwambiri pa makinawa.

Malo athu ali pati?

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga izi magetsi atazima, batire ili pa 9 peresenti, ndipo akuti: aise, ukutiuza za makina a madola 1 biliyoni? Ali ndi mfundo. Ine sindinganene kuti Malawi amange makina otere. Africa yonse ilibe ngakhale synchrotron, yomwe ndi mkulu wake wa makinawa, pamene makontinenti ena onse okhala anthu ali nayo. Jordan idatsegula SESAME mu 2017 mogwirizana ndi maiko oyandikana nawo, Brazil ili ndi Sirius. Asayansi a mu Africa adakumana ku Grenoble, m'dziko la France, mu 2015 kuyambitsa ntchito yoti kontinenti ino idzakhale ndi yake, imene akuitcha African Light Source. South Africa idalowa m'gulu la maiko ogwiritsa ntchito makina a ESRF a ku Grenoble komweko mu 2013.

Koma taonani kumene ntchito yagona. Makina ndi a eni ake, sitikukana. Koma kusandutsa mapazi a maelekitironi kukhala nambala yodalirika ndi ntchito ya masamu, fizikisi ndi mapulogalamu a kompyuta. Imeneyo sifuna ngalande ya makilomita atatu. Nthawi yogwiritsa ntchito makinawa amaipereka kwa magulu amene alemba pempho la kafukufuku lokhutiritsa, ndipo malo ngati ESRF ndi European XFEL ali ndi lamulo loti data ya kafukufuku wotere izitsegulidwa kwa onse pakapita zaka zitatu. Mtsikana wa ku Mzimba kapena mnyamata wa ku Nsanje amene wagwira bwino masamu ali ndi khomo lolowera, ngakhale ndi lopapatiza.

Chimene chingamutsekere khomolo ndi maphunziro oloweza. Mwana amene wamaliza Fomu 4 akudziwa kulemba liwiro la kuwala pa mayeso, koma sadayezepo kalikonse ndi manja ake n'kufunsidwa kuti muyezo wakewo ungaphonye ndi zingati, sadayambe sayansi. Kuyeza kugwedezeka kwa mwala womangidwa pa chingwe kasanu, n'kupeza mayankho asanu osiyana, n'kufotokoza chifukwa chake: limenelo ndi phunziro lomwe lija la neon, ndipo mtengo wake ndi chingwe, mwala ndi wotchi ya pa foni. Aphunzitsi, a unduna wa zamaphunziro ndi mayunivesite athu akhoza kuyambira pamenepo osadikira wopereka thandizo.

Kwa enafe amene sitidzapondako ku Hamburg, chotenga chilipobe. Tsiku lililonse pa WhatsApp pamadutsa manambala: mankhwala awa amachiza anthu 99 pa 100 aliwonse, chida ichi chimachepetsa bilu ya magetsi ndi theka, mbewu iyi imabereka katatu. Anthu amene ali ndi makina odula kwambiri padziko adatha zaka zisanu ndi ziwiri akukangana za maatosekondi 21, mpaka wina adayezanso. Musanatumize uthenga wotero ku gulu la kubanja, yambani mwafunsa kuti adayeza ndani, ndipo adayezera chiyani.